Nyengo Imene Ndinadana ndi Mzinda

Patebulo la aphunzitsi athu a Chingerezi panali botolo lodula pakhosi, ndipo m'botolomo munali maluwa achikasu apulasitiki. Ndimawakumbukira kuposa nkhope za anzanga ambiri a m'kalasi imeneyo. Fumbi linali litamatirira pakati pa timasamba take, ndipo ukawayandikiza kumphuno ankamveka fungo la nsapato zatsopano. Aphunzitsi anawagula m'shopu ina ya ku Al Nahda, dera la ku Dubai limene tinkakhala, chifukwa ndakatulo zimene tinkaphunzira nyengo imeneyo zinali zodzaza ndi maluwa, mapiri ndi mitambo, pamene ambiri mwa ife tinali tisanaonepo duwa lomera lokha, losathiriridwa ndi timapaipi takuda tija tokwawa m'mphepete mwa msewu.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Inali nyengo yozizira, miyezi ija imene Dubai amapumako kutentha, anthu n'kuyamba kutsegula mazenera, m'mawa chifunga n'kumagona m'misewu mpaka nyumba zazitali kumaoneka ngati zadulidwa miyendo. Ndinali nditabwera kuno ndili wamng'ono kwambiri, moti za ku Machinga ndinkangokumbukira fungo la utsi pachitenje cha munthu wina amene anandibereka kumsana, ndi tambala wofiira amene anandithamangitsa pabwalo. Amayi ankagwira ntchito pahotelo ina ku Business Bay. Anayamba ndi kuyala mabedi, kenako anawakweza kukhala woyang'anira anzawo, ndipo kukwezedwako ndi kumene kunawalola kuti akanditenge kwa achibale amene ankandisunga. Bambo anga sanali nafe. Tinkakhala awiriwiri m'chipinda chimodzi cha fulati imene tinkagawana ndi banja lina la ku Chipata.

Mzindawo ndinkaukonda mopanda kufunsa. Ndinkakonda lifiti, ndinkakonda sitima yoyenda yokha popanda woiyendetsa, ndinkakonda magetsi osazima ndi madzi otuluka nthawi iliyonse imene wapotokola mpopi. Achibale akaimba foni kuchokera kumudzi ankati ife tili ku ulemerero, ndipo ine ndinkavomera ndi mtima wonse. M'mutu mwanga tauni inali mphoto. Munthu akadalitsidwa ankapita m'tauni, akadalitsidwa kwambiri ankabwera ku Dubai.

Umboni wanga waukulu anali amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi. Iwo ankatsuka magalasi a nyumba zazitali atalendewera pazingwe, ndipo ankakhala kumalo ogona antchito a kampani yawo, mbali ya ku Sharjah, mzinda woyandikana ndi Dubai, kumene ine ndinali ndisanafikeko. Ankabwera kwathu Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti, atavala mkanjo woyera wositidwa bwino ndi kofia, akununkhira mafuta, m'thumba muli zipatso za tende. Akangolowa ankanditsina tsaya n'kunena nthabwala yawo yosatha: "Ine ndimagwira ntchito kumwamba, mabwana onse ali pansi panga." Ndinkawaona ngati munthu wosangalala kuposa aliyense padziko.

Tsiku limene aphunzitsi analemba mawu akuti Romantiki pabolodi, anyamata akumbuyo anayamba kugwedezana, poganiza kuti tiphunzira za chibwenzi. Aphunzitsi anadikira mpaka kusekako kutatha. Anali mayi wamfupi wa kumwera kwa India, wa mawu otsika, ndipo sankakalipa. Ankangokuyang'ana mpaka iwe wekha n'kudzimvera chisoni. Anatiuza kuti awa anali alakatuli a ku Mangalande a zaka pafupifupi mazana awiri zapitazo, nthawi imene mafakitale ankakoka anthu kuchoka kuminda n'kukawaunjika m'matauni. Masabata oyamba tinawerenga za mapiri, za zigwa, za mbalame zoimba m'tchire. Zimenezo sizinandivute. Ndinkaziona ngati zithunzi za pakalendala, zokongola koma zosakhudza munthu. Kenako tinafika pa ndakatulo zonena za mzinda.

Ndinali ndisanamvepo munthu akunyoza mzinda. M'ndakatulo zimenezo mzinda unali ndende yopanda mpanda. Utsi unkabisa dzuwa, mtsinje unkanyamula zonyansa, phokoso silinkalola munthu kumva maganizo ake omwe. Anthu ankadutsana m'misewu mapewa akukhudzana koma osadziwana maina. Ana ankagwira ntchito yakalavulagaga mano asanathe kumera. Munthu ankatha kufota ndi kusungulumwa ali pakati pa chikhamu. Mlakatuli akati auyamikireko mzinda, ankauyamikira ali patali, kapena eni ake asanadzuke. Ndipo mankhwala a zonsezi ankakhala amodzi: kuthawira kumapiri, kukakhala pansi m'mbali mwa madzi, mtima n'kuchira.

Zinandipweteka ngati munthu watukwana amayi anga pagulu. Ndinakweza mkono, chinthu chimene sindinkachita kawirikawiri, n'kunena kuti, "Koma Madamu, mzinda wathu ulibe utsi."

"Iwo sankangoona utsi," anatero aphunzitsi. "Ankayang'ana nkhope za anthu. Mawa ukakwera basi usayang'ane nyumba. Uyang'ane nkhope."

Lero ndimaona kuti katundu ameneyo anali wolemera kwa mwana wa msinkhu wanga, ndipo sindikhulupirira kuti aphunzitsiwo ankadziwa kumene ankandituma. Ine ndinapita kukayang'ana ndi cholinga chimodzi chokha, choti ndikabwerenso kudzawatsutsa.

Aliyense amene anakhalapo ku Al Nahda akudziwa mmene msewu wochokera ku Sharjah umakhalira m'mawa. Magalimoto amakwawa ngati linthumbu, kuima, kusuntha pang'ono, kuimanso. Basi yathu yachikasu inkatha kuima nthawi yaitali pafupi ndi mabasi oyera aja onyamula antchito, a zitsulo zopingasa m'mazenera ndi timafani tating'ono tozungulira kudenga. Mabasi amenewo ndinkawaona tsiku lililonse chiyambire sukulu, koma ndinkawaona ngati mmene munthu amaonera khoma. M'mawa umenewo ndinayang'ana m'kati. Munali amuna ovala maovololo abuluu, odzaza mpando uliwonse, ndipo pafupifupi onse anali m'tulo. Sindinali nditaonapo anthu akuluakulu ambiri chotero akugona pamodzi dzuwa litatuluka. Wina mutu unali utagwera pagalasi, chipumi chikugunda basi ikamasuntha, iye osadzuka. Wina anali maso, koma maso akewo ankadutsa mwa ine ngati palibe munthu. Sindinapite kukawatsutsa aphunzitsi tsiku limenelo.

Ndinapitiriza kuyang'ana m'mawa uliwonse, ngati munthu amene akutokosa chilonda. Ndipo m'mawa wina wa chifunga, basi yoyera itaima pafupi kwambiri moti ndikanatha kuikhudza, ndinaona amalume.

Poyamba sindinawazindikire. Ndinangoona munthu wakuda pakati pa amwenye, n'kuganiza kuti mwina ndi wa kwathu. Mutu wawo unali paphewa la bambo wina wandevu, pakamwa pali yasa, malovu atauma pambali pa mlomo. Analibe kofia, ndipo m'mbali mwa mutu munali imvi zimene ndinali ndisanazionepo. Nkhope imene Lachisanu inkakhala yodzaza ndi nthabwala inali itagwa, masaya atalowa m'kati, ngati ya munthu wokalamba amene wadwala nthawi yaitali. Manja anali pamaondo, zikhatho zitayang'ana kumwamba, zotumbuluka ndi zong'aluka chifukwa cha sopo wa magalasi. Ndinaimirira n'kuyamba kumenya zenera ndi dzanja, ndikuitana, mpaka mayi wotiyang'anira m'basi anandikoka yunifolomu nati, "Khalas, zakwana, khala pansi." Amalume sanadzuke. Basi yawo inasuntha n'kulowa m'chifunga.

Sindinauze munthu. Lachisanu anabwera monga mwa nthawi zonse, oyera mbee, akununkhira, nanditsina tsaya, nanena za mabwana amene ali pansi pawo. Ine ndinkangoyang'ana manja awo. Tende amene anandipatsa ndinamusunga m'dzanja mpaka anachita nata.

Kuyambira pamenepo ndinatembenuka mtima, ndipo ndinatembenuka monyanyira, monga amachitira ana. Alakatuli aja anasanduka aneneri anga. Kulikonse kumene ndinkayang'ana ndinkapeza zimene iwo ananena. M'lifiti tinkaima ndi anthu amene takhala nawo nyumba imodzi kwa zaka, aliyense maso ali pa manambala, popanda moni. Amayi akabwera kuntchito ankaviika mapazi m'beseni la madzi ofunda othira mchere, maso atatseka, ndipo ine amene kale ndinkangodumpha besenilo popita kukatenga buku, tsopano ndinkaona misempha yotupa ya m'miyendo mwawo. Ndikaona nyumba yaitali yonyezimira sindinkaonanso kukongola. Ndinkafufuza timadontho tolendewera m'mbali mwake, n'kumadzifunsa kuti kodi kadontho kati ndi amalume. Ngakhale maluwa a m'mphepete mwa msewu ndinkawaona ngati akaidi, aliyense ndi kapaipi kake.

Ndipo popeza alakatuli ananena zoona za mzinda, ndinatsimikiza kuti ananenanso zoona za kumudzi. Ndinayamba kuwaumiriza amalume kuti azindiuza za kwathu. Sanafune kukakamizidwa. Kontirakiti yawo inkatha kumapeto kwa nyengo yozizirayo, ndipo anali atanena kale kuti sadzasainanso ina. Akayamba kufotokoza, nkhope yawo inkawala mwa mtundu wina, wosiyana ndi wa nthabwala zija. Ankanena za fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa, za bowa womera m'tsinde mwa phiri, za mango ogwa okha usanagende. Koma koposa zonse ankanena za mtsinje wa kuseri kwa mudzi, wa madzi oyera oti umaona timiyala tapansi, kumene ankagwira nkhanu ali anyamata, njiwa zikulira m'mitengo ya m'mbali. "Kwanu nkwanu," ankatero, "m'thengo mudalaka njoka." Nkhani zimenezi zikayamba, amayi ankadzuka kupita kukatsuka mbale, n'kutsegula mpopi mwamphamvu. Ine ndinkaganiza kuti ndi ukhondo wawo wa kuhotelo.

Mumtima ndinali nditamanga kale mfundo: amalume akamapita, ndipita nawo.

Aphunzitsi atatiuza kuti aliyense alembe ndakatulo yake potsata mzimu wa alakatuli aja, ndinalemba yanga ngati munthu wogwidwa ndi malungo. Ndinati mzinda ndi chilombo chagalasi chimene chimameza amuna m'mawa n'kuwalavula madzulo. Ndinaikamo munthu wogona m'basi amene nkhope yake ndi ya mtundu wanga. Kenako ndakatuloyo inkathawira kumapiri a ku Machinga, n'kukathera pamtsinje uja, madzi ake akutsuka kutopa konse kwa munthu. Aphunzitsi anaikonda kwambiri, nandiuza kuti ndidzailakatule pamaso pa kalasi yonse sabata yotsatira. Koma ine ndinali ndi omvera ena m'maganizo. Ndinaimasulira m'Chichewa changa chopindikapindika, kuti ikhale pempho langa kwa amayi.

Linali Lachisanu masana, titatha kudya. Zenera linali lotsegula ndipo kamphepo kankagwedeza katani. Amalume anali atakhala pamkeka, atatsamira bedi. Amayi ankapinda mayunifolomu awo amene anali atangowasita. Ndinaima pakati pa chipinda, manja kumbuyo monga tinkachitira kusukulu, n'kulakatula kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Nditamaliza, ndisanapume n'komwe, ndinati, "Amayi, ndikufuna ndipite ndi amalume."

Amalume anali atabisa manja pakati pa maondo.

"Unandiona?" anafunsa motsitsa.

"Ndinakuonani."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano, maso ali pamkeka. "Tulo ta m'basi n'tokoma, usatinyoze," anatero. Kenako anatembenukira kwa amayi. "Achemwali, mwanayu sananame."

Amayi anamaliza kupinda malaya amene anali m'manja, nawaika pamwamba pa anzake, nawasalaza ndi chikhatho. "Za mzinda sananame," anatero. "Za mtsinjezi wakuuza ndani?"

Ndinaloza amalume ndi maso.

"Khala pansi."

Ndinakhala. Zimene ananena pambuyo pake ndimazikumbukira liwu ndi liwu, chifukwa anazinena ndi mawu awo a masiku onse, omwewo amene ankandiuzira kuti ndikagule buledi.

"Unali ndi mchimwene wako. Anabadwa iwe usanabadwe. Anali atangoyamba kuyenda. Anadwala malungo mvula ili pakati, ndipo chipatala chili tsidya lina la mtsinje wako wokongolawo. Tinaupeza utadzaza, ukukokolola mitengo. Mlatho panalibe. Tinakhala pamtunda kudikira kuti uphwe, ine mwana ali kumsana, amalume akowa ataima pambali ndi njinga. Ndinkamva kutentha kwake pamsana panga, ngati ndabereka mbaula. Kenako ndinamva akuzizira. Madzi ataphwa anthu anayamba kuwoloka. Ife tinabwerera kumudzi."

Anatenga malaya ena, nawayala pamwendo.

"Njiwa zinkalira tsiku limenelo," anatero. "Mapiri anali obiriwira kwambiri. Ukawauze aphunzitsi ako."

Ndimakumbukira tinthu topanda pake ta mphindi imeneyo: wailesi yakanema ya anthu a ku Chipata aja ikumveka kuseri kwa khoma, mwana wawo akuseka, fungo la nsalu yositidwa, hutala ya galimoto pansi pamsewu. Sichinali chisoni chimene chinandigwira poyamba, chifukwa munthu sungalire amene sunamudziwe. Chinali chinthu china, ngati pansi pa nyumba pachoka. Moyo wanga wonse anthu ankawaitana amayi ndi dzina langa, monga amachitira ndi mwana woyamba, ndipo ine ndinkanyadira zimenezo. Tsopano ndinadziwa kuti anali ndi dzina lina kale, limene anthu analeka kulitchula tsiku limodzi, onse pamodzi, mpaka mudzi wonse ndi achibale onse oimba foni aja anandibisira popanda wina kuphonya.

Ndinayang'ana amalume. Munthu yemweyo amene ankandiuza za nkhanu ndi timiyala toyera anali ataima pamtunda uja ndi njinga. Ndinafuna kuwafunsa chifukwa chimene anandinamizira. Iwo anandiyankha ndisanafunse.

"Ndi mtsinje womwewo," anatero. "Ndi mmenenso ndinaphunzirira kusambira. Ndikanakuuza uti?"

Amayi sanawayang'ane. Anayang'ana ine. "Iwe ukatentha thupi ndimatsika palifiti, kuwoloka msewu, dokotala ali pomwepo. Unene chilichonse za mzinda uno. Ndimaudziwa kuposa iwe, mapazi angawa akuudziwa. Koma sukupita."

Nkhani inathera pomwepo. Sanalire, sanandikumbatire. Nthawi ya swala itakwana anayala mkeka wawo n'kuswali, ndipo amalume anatsanzika msanga kuposa masiku onse.

Sabata itayamba ndinapita kwa aphunzitsi nthawi yopuma, anzanga onse ali panja. Ndinali nditakwiya, ndipo popeza sindikanakwiyira amayi kapena mtsinje, ndinakwiyira alakatuli. Ndinati ndi abodza. Ndinafotokoza zonse mothamanga, Chingerezi chikundithawa. Aphunzitsi anavula magalasi.

"Sindikuganiza kuti ananama," anatero. "Analemba zimene anaona. Koma ambiri mwa iwo ankapita kumapiri kukayenda, osati kukadikira kuti madzi aphwe." Anapukuta magalasi aja ndi nsonga ya nsalu yawo. "Ndinakutuma kukayang'ana nkhope za m'basi. Sindinaganize zokuuza kuti uyambe ndi ya mayi ako."

Patapita zaka ndi pamene ndinamva kuti iwonso anali ndi ana awo amene anawasiya kumapiri a kwawo, ndipo ankawaona kamodzi pachaka. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti aphunzitsi amakhala ndi kwawo.

Tsiku lolakatula litafika ndinaima kutsogolo kwa kalasi. Gawo la chilombo chagalasi ndinalinena bwino, ndipo anyamata akumbuyo anakhala duu, chifukwa ena mwa iwo abambo awo ankakwera mabasi omwewo. Nditafika pamapiri mawu anayamba kunjenjemera. Nditafika pamtsinje anatheratu. Ndinaima pamenepo pakamwa pali potsegula, ndikumva makina oziziritsa mpweya akulira kudenga, mpaka aphunzitsi anati, "Zakwana, ukhoza kukhala." Anzanga anaomba m'manja poganiza kuti ndakatuloyo inkathera pomwepo.

Masabata otsalawo ndinali ngati munthu wopanda pogona. Mzinda sunabwerere kukhala wokongola. M'mawa uliwonse mabasi oyera ankaima pafupi ndi yathu, ndipo maso anga anali ataphunzira kale kuona. Koma kothawira kunalibenso. Ndikatseka maso kuti ndione mapiri, ndinkaona msana wa amayi. Ndinayamba kuwayang'ana mobisa akamavala m'mawa, msana womwewo umene tsopano unkanyamula chikwama cha kuntchito, ndipo ndinkachita mantha kuwakhudza.

Amalume ananyamuka kutentha kutayamba kubwerera. Chifunga chinali chitasiya, mazenera atatsekedwanso. Anabwera kudzatsanzika ndi chikwama chimodzi chachikulu chomangidwa ndi chingwe. Nthabwala ya mabwana sanainene. Anagwira manja anga onse awiri m'manja awo okhakhala aja nati, "Uziphunzira. Inshallah udzabwera ndi mapazi ako." Pakhomo amayi anawakokera pambali n'kuwanong'oneza kanthu kena. Amalume anawayang'ana modabwa, kenako anagwedeza mutu kuvomera.

Ndinapitadi ndi mapazi anga, ndili wamkulu kale, m'chilimwe. Amalume, amene tsopano amalima ndipo manja awo ndi okhakhala mwa mtundu wina, ananditengera kuseri kwa mudzi. Mtsinjewo ndinaupeza uli kamfuleni kakang'ono, koti ndinadumpha osavula nsapato. Unalidi woyera, timiyala tikuoneka pansi. Ndinaima pamtunda nthawi yaitali ndikuyesa kuuda, ndipo sindinathe. Koma zimenezo ndi za nyengo ina.

Chomaliza cha nyengo ijayi chinachitika patapita masabata angapo amalume atachoka. Ndinabwera kuchokera kusukulu masana, thukuta lili kamukamu, tsiku limene amayi anali pa ofu. Nditatsegula chitseko ndinamva madzi akuyenda, ndipo ndinaganiza kuti wina waiwala kutseka mpopi. Kukhitchini kunalibe munthu. Ndinawapeza m'chipinda, atakhala pansi, atatsamira bedi, miyendo atatambasula, foni ili m'manja awiri pafupi ndi khutu. Phokosolo linkachokera mmenemo. Anali madzi oyenda pamiyala, osathamanga, ndipo chapatali njiwa inkalira. Munthu wojambulayo sanalankhule kanthu. Ndinkangomva kupuma kwake, ndipo ndinadziwa kuti ndi amalume. Apa ndi pamene ndinazindikira chimene anawanong'oneza pakhomo paja.

Mawuwo atatha, amayi anadina kuti ayambirenso. Anandiona nditaima pakhomo ndi chikwama kumsana. Sanabise foniyo ndipo sanafotokoze kanthu. Anangosendera pang'ono kuti ndipeze pokhala.

Ndinakhala pambali pawo, phewa langa likukhudza lawo, ndipo tinamvera limodzi mpaka pamapeto, n'kuyambiranso. Mutu wanga unali utaima. Ndinkaganiza kuti mwina amayi anandinamiza pamene ankaonetsa kuti amadana ndi malowo, kapena akudzilanga okha pa chifukwa chimene ine sindikuchidziwa. M'nzeru zanga za nthawi imeneyo malo ankayenera kukhala amodzi mwa awiri, okupha kapena okuchiritsa, ndipo munthu wanzeru ankayenera kusankha. Sindikanatha kumvetsa kuti mayi angathawe mtsinje mpaka kutsidya kwa nyanja, n'kulumbira kuti mwana wake wotsala sadzauyandikira, koma n'kumaufunabe m'khutu masana a tsiku lake lopuma, chifukwa ndiwo mawu omaliza amene iye ndi mwana wake woyamba anamva ali limodzi.